Mtsikana akufuna bioinformatics ku UC San Diego koma chemistry yake ndi yodukiza, ndimuuze chani?

NaBanda: Anzanga alangizi thandizeni, mutu waima. Ndili ndi mtsikana pano, ma unit 58, GPA 3.6, akufuna transfer, kuchoka pa community college yathu kupita ku yunivesite ya UC (University of California) San Diego kukachita bioinformatics, ndipo fomu ya UC itsekedwa kumapeto kwa November. Lero tatsegula limodzi ASSIST, webusaiti yoonetsa makalasi a pa koleji amene UC imawawerengera, ndapeza kuti Gen Chem (general chemistry) yoyamba anachitira kwathu kuno pa semester, yachiwiri anakatenga ku koleji ya ma quarter nthawi ya summer poti kwathu kalasi inadzadza, ndiye ASSIST ikufuna series yonse, makalasi onse otsatizanawo, ikhale ya koleji imodzi. Biology nayo anatenga ija ya anthu osachita sayansi. Walira mu ofesi mwanga transcript ili m'manja, ine mtima wandiwawa zedi. Abwereze kapena njira ilipo?

aMbewe: Amalize kaye Cal-GETC, mndandanda wa makalasi a GE (general education) a ochita transfer, achemwali, zinazo azikaona ali komweko.

NaPhiri: Ayi aMbewe, bioinformatics amayang'ana major prep, makalasi okonzekera major yakeyo. Komanso achemwali mufunseni akufuna iti, ku San Diego ilipo ya ku Biology, ya ku CSE (Computer Science and Engineering) ndi ya ku Bioengineering, iliyonse ndi tsamba lake pa ASSIST. Musamulonjeze kanthu musanaone tsamba la chaka chimene anatenga kalasiyo.

Gama: Nkhani ya ma quarter iyi inandiwotchapo. Mnyamata wanga wina anadula physics chonchi, semester imodzi kwathu quarter imodzi kwina, ine nkumuuza kuti zikwana, kumeneko anapeza kuti chigawo china sanaphunzire konse mpaka anataya chaka, mayi ake anandiimbira foni akulira ndipo mpaka lero ndikaona series yodulidwa thupi limachita tsembwe. Mwaonanso calculus yake? Ngati ndi ya business ija siyiwerengedwa.

aMbewe: Ndikubwerezanso, Cal-GETC. Zaka zonse za IGETC, imene inalipo Cal-GETC isanabwere, ana anga amapita bwinobwino.

NaPhiri: Ana anuwo anali a sociology bambo. Wa engineering mukamudzaza GE amafika ma unit 60 alibe programming ngakhale imodzi. Seven-course pattern, makalasi asanu ndi awiri amene UC imafuna kwa aliyense wa transfer, ikwanira, nthawi yotsalayo ipite ku chemistry, calculus ndi kompyuta. Samalaninso asatenge major prep pa pass/no pass.

Gama: Ndipo asadalire TAG, pangano lomutsimikizira malo wa transfer, San Diego kulibe. Ili ku Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz basi, fomu yake ndi ya September ndiye yadutsa kale. Santa Cruz ali ndi Biomolecular Engineering and Bioinformatics, alembeko pa fomu ya UC ya November ija.

NaBanda: Calculus ndiona mawa. Nanga articulation officer, woona za kufanana kwa makalasi pakati pa makoleji, ndikamulembera angathandize?

aMbewe: Popanda Cal-GETC akavutika ndi GE kumeneko, mudzandikumbuka.

Gama: Mulembereni koma zimachedwa. Kodi kwanuko Organic Chem ya spring yatsala ndi malo? Kwathu waitlist yafika patali, labu ndi imodzi yokha.