Wailesi ya mavalavu ikungolira huuu, ndiyambire pati?

Wa ku Mufakose:
Akuluakulu, ndili ndi wailesi ya Philips ya bokosi lathabwa yomwe ndapeza ku msika wa Siyaso ku Mbare, muno mu Harare. Mavalavu ake (timababu tagalasi ta m'mawailesi akale) ndi ECC85, ECH81, EF89, EABC80, EL84 ndi EZ80. Ikayaka, sipika imangolira huuu, mawu ali pansipansi komanso osasa, ndipo EL84 ikutentha moopsa. Ndisake mavalavu ena?

Mdala wa ku Highfield:
Achimwene, musaiyatsenso kaye, ndipo ndalama za mavalavu sungani. Kawirikawiri zomwe zimafa mu mawailesi awa ndi ma capacitor, tizipangizo tosunga ndi kusefa magetsi. Kulirako kukuchokera ku capacitor yaikulu ya chitini yomwe ili pambuyo pa EZ80 (valavu yosandutsa magetsi a AC kukhala DC), nthawi zambiri ya 50+50 µF, kutanthauza ziwiri m'chitini chimodzi. Ikauma imasiya kusefa magetsi. Ikani ziwiri za 47 µF 450V. Musatengeke kuti yaikulu ndiye yabwino: EZ80 siifuna kupitirira 50 µF pa capacitor yoyamba, mukaika 100 µF muipha.

Koma chondidetsa nkhawa ndi kutentha kwa EL84. Pali ka capacitor kakang'ono kapepala, kokutidwa ndi phula, kochokera ku anode (potulukira mawu) ya EABC80 kupita ku grid (polowera mawu) ya EL84, pini 2. Kakakalamba kamadonthetsa magetsi a DC, grid imakwera, valavu imakoka mphamvu yambiri mpaka kuotcha output transformer, yomwe imapereka mawu ku sipika. Imeneyo ndiye yovuta kuipeza muno mu Harare. Sinthani ndi ya film, kukula komweko (0.01 kapena 0.022 µF), ya 630V. Mukamaliza, wailesi ili yoyaka, yezani pini 2 ndi mita: pazikhala pafupifupi 0V. Pa cathode, pini 3, pazikhala cha m'ma 7V.

Musanagwire m'kati, zimitsani, zulani pulagi, kenako tsitsani magetsi otsala mu chitinicho ndi resistor ya 10k 5W, mutsimikize ndi mita. Mmenemo mumakhala 250V kapena kuposa. Osagunditsa ndi sikuludiraiva ayi.

Amai a ku Mabvuku:
Bambo anena zoona. Poyatsa koyamba mukakonza, lumikizani babu lakale lawaya la 60W pa waya wa live, wailesi izilandira magetsi kudzera m'babumo. La LED silithandiza. Likawala pang'ono n'kuzirala, zili bwino. Likapitiriza kuwala kwambiri, pali short, zimitsani msanga. Onaninso kosankhira magetsi kumbuyo: ngati pali 240 kapena 245, ikani pamenepo osati pa 220, chifukwa magetsi a ZESA (kampani ya magetsi) akakwera, ma heater a 6.3V otenthetsa mavalavu amapsa msanga. Magetsi akapita, musaiike pa inverter yotchipa ya modified sine. Transformer imatentha, ndipo pa medium wave ndi short wave mumangomva phokoso.

Wa ku Mufakose:
Zikomo nonse. Nanga FM? Pagalasi losankhira masiteshoni yalembedwa mpaka 100 MHz basi.

Mdala wa ku Highfield:
Ndi mmene anazipangira za ku Ulaya nthawi imeneyo. Star FM pa 89.7 muipeza, koma ZiFM pa 106.4 iwalani. Tizitsulo ta m'kati mwa ma coil musatipotoze, timasweka msanga ndipo popanda signal generator (makina ochunira wailesi) simungabwezeretse. FM ikakhala yofooka, apo ndiye mukaikire ECC85, valavu ya FM.