Wailesi ya mabatire anayi: ndingailumikize bwanji ku batire la sola?

Wa ku Lobi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Wailesi yanga imadya mabatire akuluakulu anayi, ndipo kumbuyo kwake palembedwa DC 6V. M'nyumba muli batire la sola la 12V, 40Ah, lodzera pa kontrola. Ndikufuna ndisiye zogula mabatire. Wina akuti ndingoika resistor pakati basi. Ndi zoona? Soldering iron ndi mita ndili nazo.

Mmisiri wa pa Lizulu:
Achimwene, za resistor zisiyeni. Wailesi sikoka moto wofanana nthawi zonse: ikamalankhula chapansipansi imakoka mwina 40mA, mukakweza voliyumu imafika 200mA kapena 300mA. Resistor yomwe yagwetsa moto bwino pa voliyumu yokwera, mukatsitsa imalola moto woposa 10V kulowa. Makapasita ambiri a mu wailesi za 6V ndi a 10V okha, ndipo masana dzuwa likamatchaja batire lanu limafika 14.4V. Kapasita imafufuma, IC n'kupsa.

Pezani regulator ya 7806, kachipangizo ka miyendo itatu kotsitsa moto kuti uzikhala pa 6V. Mukaigwira zolembazo zikukuyang'anani, miyendo ili pansi, mwendo wa kumanzere ndi wolowera 12V, wapakati ndi negative, wa kumanja ndi wotulukira 6V. Pa waya wa positive wochokera ku kontrola yambani ndi fyuzi ya 1A, kenako diode ya 1N4007 (kachipangizo kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha), mbali yokhala ndi kamzere iloze ku regulator. Diodeyo ndiyo idzakupulumutseni tsiku lomwe mwana adzatembenuze mawaya. Imadya 0.7V yokha, ndipo 7806 imangofuna 8V kuti igwire ntchito, choncho palibe chodandaulitsa.

Makapasita awiri ang'onoang'ono musawaiwale: yolembedwa 334 pakati pa mwendo wolowera ndi wapakati, yolembedwa 104 pakati pa wotulukira ndi wapakati, zonse muwotcherere pafupi kwenikweni ndi miyendoyo. Ku mbali yolowera onjezerani ya 470µF 25V. Pa kapasita imeneyi, mwendo wa kumbali ya mzere ndi wa negative.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa kutentha. Moto umene 7806 yachotsa umasanduka kutentha: 14.4V kuchotsa 0.7V ndi 6V kutsala 7.7V, pa 300mA ndi ma watt awiri ndi pang'ono. Yopanda chozizira imatentha moti chala simungasiyepo, kenaka imadzizimitsa yokha. Wailesi imalira mphindi zingapo, n'kukhala chete, ikazizira n'kuyambanso, munthu n'kumaganiza kuti sipika yafa. Dulani kachitsulo ka aluminiyamu, ngakhale ka poto wakale wobooka, masentimita 6 mbali zonse, mukasalaze ndi sandipepa, mumangirire regulator ndi kabawuti ka 3mm kothina bwino. Msana wa 7806 ndi wolumikizana ndi negative, ndiye kachitsuloko kasakhudzane ndi waya wa positive.

Musanaike wailesi yezani kaye potulukira. Mita iwerenge pakati pa 5.75V ndi 6.25V.

Wa pa Dedza Boma:
Zonse zimene anena bambo a pa Lizulu n'zoona, koma 7806 imataya moto woposa theka. Kuno mu June ndi July, chifunga chikakuta phiri masiku atatu, sola imangotchaja mwa dzina. Kabodi kotsitsa moto ka LM2596 sikataya wambiri choncho ndipo sikafuna chitsulo chozizira pa moto wochepa ngati umenewu. Kali ndi IN+ ndi IN- mbali ina, OUT+ ndi OUT- mbali inayo. Lumikizani 12V, ikani mita potulukira, muzipotokola kasikuluwu ka pa kabokosi kabuluu mobwerera kumanzere. Kamatha kuzungulira kakhumi mita isanasinthe, musati kafa. Ikafika 6.0V dontheza penti ya zikhadabo pa kasikuluwuko kuti kasadzasunthe. Wailesi mulumikize pomaliza, chifukwa kabodi katsopano nthawi zambiri kamabwera katatsegulidwa pa moto wokwera.

Wa ku Nsipe:
Pa wailesi ine ndiima ndi 7806. LM2596 imayatsa ndi kuzimitsa moto maulendo 150,000 pa sekondi, ndipo phokoso lakelo wailesi imalitola. Pa MW mumangomva kulira ngati nyenje. Pa FM siteshoni yamphamvu imabisa phokosolo, koma yofooka, yomwe mumaipeza mutatambasula eriyo yonse ndi kuiloza ku zenera, imamira. Kumidzi yotchingidwa ndi mapiri zimenezi zimachitika kwambiri. Ngati muumirira kabodiko, kakhale mita imodzi kutali ndi wailesi, mawaya awiriwo muwapote ngati chingwe, ndipo muike kapasita ya 1000µF 16V pamodzi ndi 104 pomwe mawaya akulowera mu wailesi.

Za kutaya motozo tiwerengere. Wailesi yokoka 150mA kwa maola asanu ndi atatu yadya 1.2Ah basi. Pa batire la 40Ah ndi kadontho. Babu limodzi loiwalika usiku wonse limadya woposa pamenepo.

Tsopano polowetsa moto. Ngati wailesi ili ndi kabowo ka DC 6V, onani kachizindikiro pambali pake, chifukwa wailesi zambiri kachitsulo kapakati ndi negative, mosiyana ndi ma adapter ambiri a masiku ano. Ngati kabowo kalibe, tsegulani kumbuyo mupeze zitsulo ziwiri za m'nyumba ya mabatire zomwe zili ndi mawaya opita ku bodi. Zinazo zimangolumikiza batire ndi linzake. Ya sipuling'i ndi negative. Mukawotcherera pamenepo mabatire achotsedwe onse, apo ayi adzayamba kutchajidwa, n'kutuluka madzi aja odya zitsulo. Pangani mfundo pa waya m'kati mwa bokosi kuti wina akakoka asazule bodi.

Moto mutenge pa kontrola pomwe pajambulidwa babu, osati pa batire penipeni, kuti batire likatsika kontrola izidula yokha.

Wa ku Lobi:
Zikomo kwambiri nonse. Nditenga njira ya 7806. Nanga ikasowa n'kupezeka 7805 yokha?

Mmisiri wa pa Lizulu:
Igwira, koma poti 7805 imatulutsa 5V, mawu okha amatsikako pang'ono mukakweza kwambiri. Mukafuna ikwere, ikani 1N4007 ina pakati pa mwendo wapakati ndi negative, kamzere kaloze ku negative, ipereka pafupifupi 5.6V. Koma pamenepo msana wake sulinso pa negative, choncho kachitsulo kozizira kaja kakhale pakokha, kasakhudze waya uliwonse.