Ndayamba kutola zitsulo zakutha kuno ku Dedza, ndizisankhe bwanji ndisanapite nazo pa sikelo?

Wofunsa (Bembeke):
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna ndizitola zitsulo zakutha Loweruka ndi madzulo ndikaweruka. Si bizinesi yaikulu ayi, ndimangokonda kuphwasula zinthu, komanso zimandiwawa kuona zitsulo zikudyedwa ndi dzimbiri m'ngalande. Pakhonde pali matumba atatu osakaniza: mawaya, mapoto obooka, mafelemu awiri a njinga, mota ya fani, kompuresa ya firiji ndi mabatire awiri a sola omwe anafa. Ndizisiyanitsa bwanji? Mawayawa ndiwotche kuti pulasitiki ichoke? Nanga ndigulitse kwa anyamata oyenda ndi sikelo kapena ndisunge mpaka zikwane kupita nazo ku Lilongwe? Odziwa ndithandizeni chonde.

aPhiri (Linthipe):
Achimwene, thumba losakaniza wogula amalipima pa mtengo wa chitsulo chotchipitsitsa chimene chili m'menemo. Ndiye musanaganize za wogula, khuthulani matumba onsewo pansi.

Chida choyamba ndi maginito, ndipo osagula. Phwasulani sipika ya wailesi yakufa, kumbuyo kwake kuli maginito ozungulira, muwamangirire pa chingwe. Chimene maginito akakamira ndi chitsulo wamba: mafelemu anuwo, malata, misomali. Chimene akana muchiyang'anitsitse, ndalama zili pamenepo. Palani pakona ndi tupa mpaka utoto ndi litsiro zichoke. Mukaona kufiira ngati njerwa yopsa bwino, ndi kopa. Mukaona chikasu, ndi bulasi, monga matapu akale ndi maloko ena. Choyera chopepuka ndi aluminiyamu. Chotuwa, cholemera, chofewa choti msomali umachilemba mosavuta ndi mtovu.

Dzanja lanu lizolowere kulemera. Pa kukula kofanana ndi lita imodzi, aluminiyamu amalemera makilo 2.7, chitsulo pafupifupi 7.9, kopa 8.9, mtovu 11.3. Chosokoneza ambiri ndi stainless, chitsulo chosachita dzimbiri chija, poti nayenso ndi woyera ndipo mtundu wina maginito saugwira. Mukakayika gunditsani pa galayinda: stainless amatulutsa timoto, aluminiyamu satulutsa. Palinso zinc, wa makabuleta ndi zogwirira zitseko. Amaoneka ngati aluminiyamu koma amalemera kuposa kawiri, ndipo wogula akamupeza m'thumba la aluminiyamu amatsitsa thumba lonse.

Mnyamata wa pa Chimbiya:
Mawaya ingowotchani bwana, aliyense amatero. Kusenda ndi kutaya nthawi.

Nangozo (Ntcheu boma):
Ayi mwana wanga, musamuuze zimenezo. Pulasitiki ya mawaya ambiri ndi PVC, ikapsa utsi wake uli ndi asidi woluma m'maso ndi m'chifuwa, ndipo phulusa lake limasiya poizoni m'dothi momwe nkhuku zimapalasa. Ngakhale ku ndalama komweko mumaluza. Kopa wootcha amada, tiwaya tating'ono timapsa n'kuyoyokera m'phulusa, ndipo wogula amamuika m'gulu lotsika kusiyana ndi kopa wowala.

Bambo a ku Bembeke, chitani chonchi. Waya wonenepa, ngati wa m'nyumba wa 2.5mm kupita m'mwamba, muyanikeni padzuwa la masana pa lata kuti pulasitiki ifewe. Boolani kabowo pa thabwa kofanana ndi wayayo, mukhomere sikuluwu yosongoka kuchokera pambali mpaka nsonga yake ingosuzumira m'kabowomo. Mukakoka waya kudutsa pamenepo, nsongayo imang'amba pulasitiki kutalika konse, inu n'kungosenda ngati nzimbe. Kunja kukazizira monga kumachitira kwanuko mu June, pulasitiki imauma, dikirani dzuwa likwere. Tiwaya ta matchaja ndi ta mahedifoni musavutike nato, kopa wake ndi wochepa. Sungani m'thumba lake mugulitse ndi pulasitiki yomwe.

Chinanso, si waya aliyense wofiira amene ali kopa. Pali mawaya otchipa a aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba, ambiri amabwera ndi zipangizo za sola ndi masipika. Dulani ndi pulaya muyang'ane podulapo. Pakakhala poyera, si kopa.

aMbewe owotcherera (Lizulu):
Ine ndilankhulepo za kompuresa ndi mabatire, chifukwa apa m'pamene anthu amavulala.

Kompuresa ili ndi oyilo m'kati. Ipendekeni kuti oyiloyo atulukire m'timapaipi take, agwere m'chitini, ndipo muisiye chomwecho tsiku lathunthu ndi timapaipi totsegula. Mafiriji ambiri atsopano amayendera gasi wa R600a amene amayaka, choncho galayinda asayandikire kompuresa yongochotsedwa kumene. Dulani motsata mzere wowotcherera wozungulira pakati, ndi sowo ya zitsulo ngati muli ndi mtima wodekha. M'kati mupeza mota yokulungidwa waya. Dulani waya wokulungidwayo mbali imodzi ndi tchizulo, mbali inayo muzimusolola ndi pulaya. Kompuresa ya firiji ya pakhomo imapereka waya wosapitirira kilo imodzi, kawirikawiri wochepera apo, chotsalacho ndi chitsulo. Palani kaye wayayo musanataye thukuta, poti ena ndi aluminiyamu wopakidwa vanishi wa mtundu wa kopa. Mota ya fani chimodzimodzi.

Mabatire musawaswe, zivute zitani. Gulitsani athunthu, ogula amawapima momwemo. M'katimo muli asidi wootcha khungu ndi mtovu, ndipo fumbi la mtovu limaononga ubongo wa ana mwakachetechete. Aimikeni chilili pa thabwa, pamthunzi, kutali ndi khitchini, chitsime ndi posewerera ana. Asidi akatayika thirani soda wophikira kapena phulusa lambiri musanakolope, akakugwerani pakhungu sambani ndi madzi ochuluka nthawi yomweyo. Mabatire a mafoni ndi a laputopu ndi mtundu wina, akabooka amayaka okha, asalowe m'thumba la zitsulo.

Dilamu kapena thanki yomwe munali petulo, ndi silinda ya gasi, musadule ndi galayinda ngakhale ioneke youma. Chimaphulika ndi mpweya wotsalira m'katimo. Valani magolovesi achikopa, nsapato zolimba ndi magalasi oteteza maso, ndipo pitani kuchipatala mukafunse za katemera wa kafumbata musanalasidwe ndi lata.

Wofunsa (Bembeke):
Zikomo kwambiri akuluakulu, ndikulemba zonsezi. Nanga za kogulitsa?

aNkhoma (Golomoti):
Musathamangire pa sikelo ndi chilichonse. Chinthu choti mmisiri angachigwiritse ntchito chimagulidwa pachokha, ndipo mtengo wake umaposa wa pa kilo. Masipuling'i a galimoto osula amawafuna popanga nkhwangwa, zikwanje ndi sompho, chifukwa chitsulo chake chimagwira mano. Malata okhuthala ndi madilamu osatha kwambiri ndi a okhoma mbaula. Ekisero ndi marimu ndi za opanga ngolo. Tizidutswa ta paipi ndi angle iron (chitsulo chachitali chopindidwa ngati L) topitirira mkono owotcherera amatenga. Mafelemu a njinga aonetseni kaye okonza njinga pamsika, mwina foloko kapena chiwongolero zikadali zabwino. Mapoto anu obookawo ndi a oumba mapoto, amene amasungunula aluminiyamu pa madigiri 660 n'kuthira m'chikombole cha mchenga. Chotsani zogwirira zachitsulo ndi misomali yake. Chonde m'katundu wopita kwa oumba mapoto musalowe kanthu ka mtovu ngakhale kachidutswa, mapotowo anthu adzaphikira nsima.

Zotsalazo ndiye za pa sikelo. Kuchoka pa Dedza boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 80, ndiye chitsulo wamba cha matumba awiri sichingabweze ndalama ya galimoto. Chimenecho gulitsani konkuno, kapena gwirizanani anthu angapo mudzaze lole imodzi. Kopa ndi bulasi ndi amene amayenera ulendo, chifukwa chikwama chimodzi chonyamula m'manja chingathe kuposa ngolo ya malata a dzimbiri. Mitengo imasinthasintha, imbirani ogula awiri kapena atatu m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo mufunse mtengo wa gulu lililonse palokha.

Nangozo (Ntcheu boma):
Pa sikelopo samalani ngati mmene mumachitira pogulitsa soya. Gulani kasikelo kanu kopachika mupime kunyumba, mulembe m'kope. Kuti mudziwe ngati sikelo ikunena zoona, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndiye botolo la malita 5 lodzadza lionetse makilo 5 ndi pang'ono pa botolo lenilenilo. Muvi uyambire pa ziro thumba lisanapachikidwe. Gwedezani dothi ndi kuchotsa mphira, matabwa ndi simenti musanapite, apo ayi wogula adzadula makilo mongoganizira, ndipo sadzaganizira mokomera inu.

aJere (Biriwiri):
Zonse zanenedwazi n'zabwino koma dziwani komwe chitsulo chachokera. Mawaya a ESCOM ndi za m'thiransifoma, mamita ndi mavavu a Water Board, ndodo za m'mjigo, zikwangwani za pamsewu wa M1, zitsulo za milatho, mabawuti ndi zidutswa za njanji yodutsa ku Golomoti ndi Sharpevale: zimenezi musatole ngakhale mutazipeza patchire, ndipo musagule ngakhale mtengo utsike bwanji. Wopezeka nazo ndi amene amayankha mlandu. Mwana akabwera ndi poto kapena khasu, osalandira popanda kholo lake. Chilichonse chimene mwapatsidwa kapena kugula lembani tsiku, chinthucho ndi mwini wake. Mukadzafika pomagula kwa ena n'kumagulitsa, pali lamulo la Second-Hand and Scrap Metal Dealers Act, pitani ku khonsolo ndi ku polisi akakuuzeni za chiphaso. Auzeninso amfumu kuti mukutola zitsulo, mudzi udziwe.

Ife a m'malire tili ndi china. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, ndipo chida chankhondo chimatha kukhala m'dothi zaka zambiri chikadali chamoyo. Chitsulo chooneka ngati chipolopolo chachikulu, chokhala ndi timapiko kumchira, kapena chozungulira chotsekeka chomwe simukuchidziwa, musachigogode, musachinyamule. Ikani chizindikiro patali, chotsani ana, itanani apolisi.

Wofunsa (Bembeke):
Ndadula waya wa mota ya fani ija monga mwanenera mayi, podulapo m'poyera ngati siliva. Ndiye kuti ndataya?

aMbewe owotcherera (Lizulu):
Simunataye achimwene, ndi aluminiyamu ameneyo. Musavutike kumusolola, motayo igulitseni yathunthu pamodzi ndi mamota ena, kungoti muwauze ogula zoona. Chotsani kapasita kakang'ono kali pambali pake ndi switchi, okonza mafani amazifuna. Kompuresayo iyambeni mawa oyilo akatha kudontha, ndipo mukaitsegula mupale wayawo kaye mutitumizire chithunzi.