Gulu la Chiliza cha Agogo aKeyala

Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse. Mmisiri uja wabwera dzulo, wayeza manda. Akuti zonse pamodzi, simenti, kwale, matailosi, mwala wolembapo ndi ntchito yake, K1,800,000. Chakudya cha tsikulo sichili m'menemo. Zimene ndili nazo pa Mpamba ndi K740,000.

Chisomo: Apereka zonse: Tadala, achimwene Yamikani, ine, amayi. Apereka theka: alamu. Enanu mukudzidziwa, sinditchula lero.

Malume Wyson: Mmisiriyo mwamuuza za kavalo?

Chisomo: Malume, tiyambe taona kaye ndalama.

Malume Wyson: Ndinanena kale. Bambo anga anali msilikali wa pa kavalo. Pamwalapo pajambulidwe kavalo. Chithunzi ndinachiona ndi maso angawa chili pakhoma, enanu musanabadwe.

Mlamu Mayi a Dalitso: Mwadzuka bwanji apongozi ndi nonse. Ambuye atitsogolere 🙏 Theka linalo ndimaliza nkhuku zikatuluka Loweruka.

Mphatso: Moni makolo. Agogo aNaphiri atsegula sutikesi yachitsulo ija usiku, amafuna khadi la ubatizo kuti tione chaka chobadwa. Khadilo sanalipeze koma muli makalata 14 omanga ndi luzi. Awiri chiswe chinadya m'mbali. Ndawajambula onse, netiweki ikalola nditumiza.

Tadala UK: Makalata a kunkhondo?? Azakhali anali nawo nthawi yonseyi?

Mphatso: Akuti anawapatsa ndi agogo aakazi akudwala, anawauza kuti asamaonetse aliyense chifukwa zinthu m'nyumba ija zinkamera miyendo.

Achimwene Yamikani: Mmm.

Malume Wyson: Zinkameradi miyendo. Chithunzi chija chili kuti? Mamendulo ali kuti?

Chisomo: Chonde tisabwerere kumeneko.

Mphatso: Zalowa zinayi. Onani ngati zikuwerengeka.

Tadala UK: Zikuwerengeka! Ndangotuluka ku ntchito ya usiku koma tulo tathawa. Kalembedwe kake ndi ka m'Baibulo lakale lija, "cifukwa", "cakudya", kopanda h. Yoyamba ndi ya 1940, ndipo dzanja si lawo, pansi palembedwa kuti wawalembera ndi kalaliki wa kampani. Akupereka moni kwa amayi awo ndi kwa amalume awo, kenaka akufunsa ngati ndalama zimene amadulitsa pa malipiro zikufika kwa DC ku Zomba.

Achimwene Yamikani: Ndiye kuti nkhani ya ndalama pabanja pano inayamba kale.

Tadala UK: Akudandaula za madzi. Akuti dziko lake ndi la miyala ndi minga, madzi amachita kuyeza, botolo limodzi umwe, usukusule. Dzina la malo linadulidwa ndi lumo, pali kabowo pa pepala.

Achimwene Yamikani: Amenewo ndi akuluakulu oona makalata, sankalola kutchula malo. Koma ngati anali 2 KAR, gulu lachiwiri la asilikali a King's African Rifles, monga amanenera, kumeneko ndi ku British Somaliland. Anamenyana ndi Ataliyana pa Tug Argan mu Ogasiti 1940, anapanikizika, nkubwerera ku doko la Berbera, sitima nkuwatengera ku Aden. Mbiri imeneyi tinkaimva tili ku Cobbe Barracks.

Mlamu Mayi a Dalitso: Si kuja kuli dzina la Moyale ya ku Mzuzu?

Achimwene Yamikani: Ayi mayi. Moyale ili m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumeneko kunali anyamata a 1 KAR, mu Julayi chaka chomwecho. Onse a ku Nyasaland koma magulu osiyana.

Malume Wyson: Za kavalo alembapo chiyani?

Tadala UK: Ababa, zilipo. Kalata yachiwiri akuti anaona asilikali a Chisomali ena pa ngamila, ena pa akavalo aang'onoang'ono, akuthamanga kukazonda adani nkubwerera fumbi lili koboo. Akuti ngamila ikagwada imalira ngati munthu wamkulu akudandaula. Akuti anasirira, chifukwa iwo mapazi anali atatupa m'majombo.

Malume Wyson: Mwamva? Kavalo.

Tadala UK: Akuti anaona, ababa. Sakunena kuti anakwera.

Malume Wyson: Iwe unabadwa liti? Bambo anga anali msilikali wa pa kavalo. Chithunzi ndinachiona.

Chisomo: Limbani, ndikuona wawerenga. Unati kutha kwa mwezi. Mwezi wake unali Julayi.

Limbani Joni: Asisi ndili pa ntchito, ndiimba.

Chisomo: Usaimbe, ungotumiza.

Mlamu Mayi a Dalitso: Abale amene akufuna nkhuku za Loweruka anene msanga, zatsala 11. Zonenepa bwino.

Achimwene Yamikani: Mundisungire ziwiri. Koma mafuta kwanuko akupezeka? Kuno ndagona pa mzere.

Mlamu Mayi a Dalitso: Kuno anabwera Lachiwiri, pofika masana atha.

Mphatso: Kuno kabaza wakweza, kupita pa Jali pokha ndalama yake mungadabwe.

Chisomo: Ndi chifukwa chake ndikuti tigule simenti sabata ino. Tikachedwa mtengo wa mmisiri usintha, ndipo mvula ikayamba galimoto silifika kumanda, mukudziwa dambo lija.

Mphatso: Zina zisanu zalowa. Agogo akuti Tadala awerenge mokweza pa voisi, maso awo sakuona zolemba za pensulo.

Tadala UK: Ndiwerenga ndikapuma. Koma abale, ya 1943 yandiliza. Dzanja lasintha, zilembo zikuluzikulu zokhota ngati za mwana wa sitandade 2. Akuti amayi, kalata iyi ndalemba ndekha, palibe wandigwira dzanja. Anaphunzira ku kampu, madzulo akamaliza perete. Akuti kuli kokonati ndi tiyi ngati ku Mulanje, mpunga tsiku ndi tsiku, akulakalaka nsima ya mgaiwa ndi chambo chouma.

Achimwene Yamikani: Ku Ceylon kumeneko, lero ndi Sri Lanka. Anawatengera kumeneko mu 1942, nkumaphunzira nkhondo ya m'nkhalango asanapite ku Burma.

Tadala UK: Akufotokoza za kampu yonse. Lipenga m'bandakucha, kupukuta mfuti, kuchapa, kusoka zigamba. Akuti Loweruka usiku a ku Nyasaland ankaimba nyimbo za kwawo, a ku Kenya ndi a ku Uganda zawo m'Chiswahili, nkumapikisana. Ndipo akufunsa za mbuzi yawo yaikazi ngati inaswa, akuti amalume asagulitse.

Mphatso: Agogo akuseka, akuti mbuziyo amalumewo anadya kalekale asanabwere.

Malume Wyson: Mtundu wake ndi womwewo. Wina akavutika kutali, wina kumudzi akudya.

Malume Edwin: Achimwene, ngati pali mawu nenani poyera.

Malume Wyson: Ine sindinatchule munthu.

Chisomo: Malume Edwin, mwayankhula bwanji lero, takunyadirani. Gawo lanu ndi K150,000 ngati nyumba zina zonse.

Malume Edwin: Ndamva mwana wanga. Ndinadwazika miyezi itatu ndekha nthawi ija, palibe anandifunsa kuti sopo ndikugula ndi chiyani. Ndingonena zomwezo.

Achimwene Yamikani: Malume, zimenezo tidzakhala pansi kumudzi. Pano pali ana.

Tadala UK: Ababa, ndapeza za chithunzi chanu. Kalata ya 1944. Musakwiye, ndingowerenga zimene zalembedwa.

Malume Wyson: Werenga.

Tadala UK: Akuti anawachotsa pa mzere wa mfuti nkuwapatsa ntchito yoyang'anira nyulu, chifukwa bwana wawo anaona kuti nyama zimawamvera. Nyulu zinkasenza mabokosi a zipolopolo, zida za mfuti zikuluzikulu ndi chakudya, poti magalimoto ankatitimira m'matope. Akuti anajambulitsa ataima pambali pa nyulu yawo asanalowe m'nkhalango, ndipo chithunzicho atumiza pamodzi ndi kalatayo.

Mlamu Mayi a Dalitso: Nyulu ndiye bulu?

Achimwene Yamikani: Ayi, bambo wake bulu, mayi wake kavalo. Ndi yaitali ngati kavalo ndithu, makutu okha ndiwo aatali. Mwana akaiona pa chithunzi anganene kuti kavalo, palibe cholakwa.

Malume Wyson: Sindinali mwana. Ndinali mu sitandade 6.

Malume Wyson: Bambo anga anali wa pa kavalo. Mudzi wonse umadziwa. Lero mukufuna mulembe pamwala kuti ankaweta abulu?

Tadala UK: Ababa, mverani kaye zinazo. Akuti mvula inkagwa usana ndi usiku, zovala zinkaolera pathupi, misundu inkalowa m'majombo mpaka magazi. Chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege. M'mawa uliwonse ankamwetsedwa mapiritsi achikasu owawa a malungo, sajeni ataima pomwepo kuti umeze. Iwo asanadye ankayamba amweta udzu wa nyama, nkuipukuta pamsana kuti katundu asaichititse zilonda.

Achimwene Yamikani: Chigwa cha Kabaw chimenecho, ku Burma. Gulu la 11th East African Division linadutsa m'menemo nthawi ya mvula mu 1944 likuthamangitsa Ajapani, mpaka kukafika pa Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, mu Disembala. Malungo ndi matenda ena ankagwetsa anthu kwambiri m'chigwa chimenecho. Malume, ine ndavalapo yunifolomu. Munthu wa mfuti akamva kulira amagona pansi. Wogwira chingwe cha nyama sangagone, akaisiya ithawa ndi zipolopolo za anzake onse.

Tadala UK: Ndi zomwe alemba. Akuti tsiku lina anawatchera pa njira yokwera phiri. Mnzawo wa ku Chiradzulu amene ankagona naye tenti imodzi anagwa pomwepo. Iwo anakulunga chingwe padzanja, nyulu ikudumpha, mpaka khungu la m'manja linasupuka, koma sanaisiye. Madzulo ake anamunyamula mnzawoyo pa nyulu yomweyo kutsika naye. Akupempha amalume awo kuti apite ku Chiradzulu akauze amayi ake kuti anaikidwa bwino, ndi pemphero.

Mphatso: Agogo akuti chipsera chija cha dzanja lamanja. Ankati anapsa ndi moto.

Mlamu Mayi a Dalitso: Mayo ine 😭

Tadala UK: Kalata yotsatira ndi yaifupi. Nyulu ija inadwala, inaonda, adokotala a ziweto analamula kuti iwomberedwe. Akuti anapempha kuti asakhalepo. Akuti amayi, musaseke, ndalira nyama ngati munthu.

Limbani Joni: Eish. Asisi Tadala munditumizireko ku inbox zonsezo.

Chisomo: Za makalata wayankha msanga.

Achimwene Yamikani: Ine maganizo anga, makalatawa asapitenso m'sutikesi. Tiwajambule bwino pa makina ku Zomba, nyumba iliyonse ilandire kabuku. Enieniwo tikafunse ku National Archives momwe amasungira mapepala akale. Ndipo musawamate pulasitiki ya moto ija, pensulo ingawonongeke.

Chisomo: Kabukuko ndi ndalama zinanso achimwene. Za chiliza sizinakwane.

Tadala UK: Za kabuku ndilipira ndekha, zisakhudze thumba la chiliza.

Malume Edwin: Enieniwo asachoke kwa achemwali. Zikapita m'tauni sizibwerera, kenaka adzati Edwin.

Mlamu Mayi a Dalitso: Nanga dzina lawo lili pa chipilala chija cha asilikali polowa mu Zomba?

Achimwene Yamikani: Paja pali mayina a amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Agogo anabwerako amoyo mu 1946. Koma tsiku lokumbukira asilikali limakhala Lamulungu lachiwiri la Novembala, bwanji ife tivundukule Loweruka lake? Abusa ndiwauza ine.

Chisomo: Ngati simenti igulidwa sabata ino zitheka. Apo ayi, chaka chamawa, ndipo amayi anena kale kuti sakudziwa ngati chaka chamawa adzakhalepo. Zaka 35 manda a bambo awo ali ndi mulu wa dothi.

Malume Wyson: Tadala.

Tadala UK: Wawa ababa.

Malume Wyson: Nyamayo alemba dzina lake?

Tadala UK: Eya. Mandevu.

Mphatso: Agogo aNaphiri agwira pakamwa.

Malume Edwin: Njinga ija.

Malume Wyson: Njinga ya Humber ija ankaitchula Mandevu. Ankaipukuta asanadye. Ine ndinakwapulidwa chifukwa choisiya pamvula, sanandiyankhule masiku awiri.

Malume Edwin: Ankaisisita pa chishalo akafika kuchokera ku msika. Ife nkumaseka kuseri.

Chisomo: Ndiye pamwala tilembe chiyani malume? Mmisiri akufuna mawu Lachisanu.

Malume Wyson: Dzina, zaka, 2 KAR, Somaliland, Ceylon, Burma. Chojambula ndiganize kaye. Ndinachiona chithunzicho ine, inali yaitali.

Malume Wyson: Tadala, voisi ija utumize kwa ine kaye. Uwerenge pang'onopang'ono.

Malume Edwin: Mendulo imodzi ilipo, ya nyenyezi, ya Burma. Ndibwera nayo. Zinazo musandifunse pano.

Chisomo: Zikomo malume. Ndalandira K100,000 kuchokera kwa malume Wyson, tafika K840,000. Malume Edwin ndikudikira. Alamu Loweruka. Limbani?

Chisomo: Limbani ndikuona uli pa intaneti.

Mlamu Mayi a Dalitso: Nkhuku zatsala 7.