Timabuku topinda pamanja kwa agogo odwala matenda okhumudwa

Wofunsa, ku Santhe:
Akuluakulu, amayi a Chigwirizano kuno tikuyendera agogo 7 amene asiya kucheza ndi anthu, ena chimwalirire amuna awo. Akuti kupanga timabuku ta zine, tija topinda pamanja n'kulembamo kapena kujambulamo wekha, kumawathandiza kutulutsa zakukhosi. Timapinda bwanji? Nanga poti ambiri sadziwa kulemba?

Mphunzitsi wopuma, ku Chamama:
Mayi, pepala limodzi likwana. Lipindeni pakati m'litali, mulitambasule, kenako mulipinde m'lifupi kawiri kuti likhale ndi zigawo 8. Tsopano lipindeni pakati m'lifupi kamodzi kokha, mudule ndi sizasi kuyambira popindika paja kutsata mzere wapakati, mulekeze pomwe mizere yakumana koyamba. Mukapitirira pamenepo kabuku kamamwazika. Tambasulani, pindaninso m'litali, kankhani mbali ziwirizo mpaka podulapo patayasama, ndiye gonekani masambawo mbali imodzi.

Pindani kaye, lembani manambala a masamba, kujambula kubwere pambuyo. Mukayamba ndi kujambula, masamba 4 amatuluka chadodolido.

Pepala la A4 limapereka timasamba ta masentimita 7 ndi 10 basi, tochepetsa kwa munthu wamaso ofooka ndi manja onjenjemera. Funani A3 ku boma, ndipo m'malo mwa bolopeni apatseni makrayoni onenepa. Kudulako dulirani nokha kunyumba.

Wosoka zovala, pa Nkhamenya:
Kusadziwa kulemba si vuto. Agogo amate tizidutswa ta chitenje, masamba ouma a nthochi, zithunzi za m'nyuzipepala zakale. Gluu ndi phala la ufa wa chinangwa: supuni 1 m'theka la kapu ya madzi ozizira, takasani pamoto mpaka litaonekera mkati. Pakani pang'ono ndi chala, likachuluka pepala limakwinyika. Nthawi ya dzinja timabukuti timachita nkhungu, komanso mphemvu ndi makoswe amakonda phalalo, choncho tiume kaye, musunge m'chigoba chotseka.

Namwino, Kasungu boma:
Mayi, chimene chimathandiza kwenikweni ndi kukumana tsiku lodziwika, manja akugwira kanthu, wina akumvetsera. Kamodzi pa sabata, ola limodzi, m'mawa mphamvu zisanathe. Tsiku lililonse lokumana tsamba limodzi kapena awiri okha, chifukwa wodwala matenda okhumudwa akalephera kumaliza ntchito amadziona wopanda pake.

Musayambe ndi za maliro. Yambani ndi ndiwo imene ankaikonda ali mtsikana, nyimbo ya pamtondo, munda wawo woyamba. Ngati wina akuwalembera, alembe mawu awo enieni osawakongoletsa. Akayamba kulira musawatontholetse msanga ndi "limbani mtima", khalani nawo pafupi.

Kabuku ndi kawo. Musakaonetse kutchalitchi kapena pa WhatsApp popanda chilolezo chawo. Tikudziwa mmene okalamba amanamiziridwa ufiti m'midzi mwathu. Chithunzi cha maloto kapena cha malemu wina akhoza kuchipotoza.

Ndipo kabuku sikalowa m'malo mwa chipatala. Agogo akatha masabata 2 osadya bwino, osagona, osasamba, mupite nawo kuchipatala chapafupi kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo. Kumeneko angawafunse mafunso 9 oyezera matenda okhumudwa, otchedwa PHQ-9, ndi kuwayezanso shuga, BP ndi kuchepa kwa magazi. Akanena kuti bola kufa, kapena akajambula chingwe, musawasiye okha. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, mupite nawo ku chipatala cha boma cha Kasungu tsiku lomwelo.