Ndithandizeni kusankha mpeni wopinda woyenda nawo m'thumba

Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi funso. Ntchito yanga ndi yolandira ndi kutumiza katundu, ndiye tsiku lonse ndimakhalira kung'amba makatoni, kudula zingwe ndi malamba apulasitiki omangira katundu. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikugwiritsa ntchito kampeni kopinda kopanda dzina. Sabata yatha ndikuboola katoni yolimba ndi nsonga, kampeniko kanangodzipinda kokha n'kundicheka chala chamkombaphala. Bala lake ndi lakuya ndithu, mpaka lero ndidakamanga bandeji, ndipo mtima sukundipatsanso kukagwira.

Ndikufuna mpeni woti ndikautsegula uzikhala wotseguka mpaka ine mwini nditaupinda. Usakhale wolemera moti n'kumakoka thumba la buluku, komanso ndizitha kuunola ndekha pamwala. Maina amene ndikuwamva kwambiri ndi Opinel, Victorinox ndi Buck 110. Chikundizunguza mutu ndi chitsulo chake: ena akuti carbon ndiye wabwino, ena akuti stainless. Inu amene mumayenda ndi mipeni imeneyi tsiku ndi tsiku, mungandiuze chiyani?

— Pepani ndi balalo achimwene. Chinakuvulazani ndi chakuti mpeni wanu unalibe loko. Mipeni yotere imangogwiridwa ndi sipuling'i yakumsana, ndiye mukamacheka palibe vuto, chifukwa mphamvu ya dzanja imaukankhira kotseguka. Koma mukati mubaye kapena kuboola, nsonga ikangophonya pang'ono umapindikira pa zala. Victorinox ndi mpeni wabwino kwambiri, akupanga ku Ibach ku Switzerland kuyambira nthawi ya Karl Elsener mu 1884, koma yambiri ing'onoing'ono yofiira ija ilibe loko. Ine ndimaukonda chifukwa cha sizasi ndi sikuludiraiva. Pa ntchito yanu yoboola makatoni sindingakulangizeni, pokhapokha mutapeza waukulu wokhala ndi loko.

— Tengani Opinel nambala 8 bambo. Wanga ndakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndi wa ku France, kudera la Savoie, ndipo anayambitsa ndi Joseph Opinel mu 1890. Pakhosi pake pali kamphete kachitsulo kotchedwa Virobloc, kamene anawonjezera mu 1955. Mukatsegula mumapotokola kamphete kaja, basi mpeni sungapindike. Chitsulo chake ndi chotalika masentimita 8.5, chopyapyala, ndiye pa katoni chimangotsetsereka. M'thumba mumachita kuiwala kuti ulimo. Koma ndikuuzeni zoona zake: chogwirira chake ndi chamtengo, chikanyowa chimafufuma n'kupana chitsulo, kutsegula kwake mumavutika. Zikatero ndimagogoda kumapeto kwa chogwiriracho pa tebulo, nsonga imatulukira pang'ono, n'kukoka. Komanso pamafunika manja awiri, sutseguka ndi chala chimodzi.

Pa nkhani ya chitsulo, carbon amanoleka msanga ndipo amathwa bwino zedi, koma dzimbiri silichedwa. Ukangousiya wonyowa usiku umodzi, m'mawa mawanga. Muzipukuta n'kupaka kadontho ka mafuta. Stainless safuna chisamaliro chotero. Ngati mumagwira ntchito yotuluka thukuta, mpeni uli m'thumba tsiku lonse, stainless akupumitsani.

— Buck 110 ndi wolimba, loko yake yakumsana ndi yodalirika, wakhala pamsika kuyambira 1964. Koma amalemera pafupifupi magalamu 200 chifukwa cha mkuwa wa m'chogwirira, n'chifukwa chake amabwera ndi kachikwama kapalamba. Anaupangira alenje. M'thumba ukutopetsani.

— Musanagule, fufuzani kaye malamulo a kumene muli, chifukwa amasiyana dziko ndi dziko. Ku England, woyenda nawo popanda kufotokoza chifukwa ndi wopinda wopanda loko, wa chitsulo chosapitirira mainchesi 3, omwe ndi masentimita 7.62. Wokhala ndi loko pamafunika chifukwa chomveka, monga ntchito. Ndipo pokwera ndege muziuika m'katundu wopita kunsi, apo ayi akulandani pachipata.

— Chinthu china chimene anzangawa sanatchule: makatoni amabunthitsa mpeni msanga kuposa mmene anthu amaganizira. Mpeni ukabuntha munthu umayamba kukankha ndi mphamvu, ndipo ngozi zambiri zimayambira pamenepo. Mwina wanu uja unali utabuntha kale, n'chifukwa chake munayamba kuboola m'malo mocheka. Nolani kawirikawiri, mbali iliyonse mopendeketsa pafupifupi madigiri 20, ndipo muzichotsa zomatira za tepi zimene zimakakamira pachitsulo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mwalasa achimwene omalizawa, unalidi wobuntha, ndinatha miyezi osaunola. Buck ndamusiya chifukwa cha kulemera, ndipo mtima wapendekera ku Opinel wa stainless. Chikundikayikitsa ndi cha manja awiri chija, chifukwa nthawi zambiri dzanja limodzi limakhala litagwira katundu. Ndamva kuti mipeni ya Spyderco ili ndi kabowo kozungulira kotsegulira ndi chala chachikulu, komanso kopanira m'mphepete mwa thumba. Alipo amene waugwiritsa ntchito pa makatoni kwa nthawi yaitali? Loko yake simayamba kugwedera pakapita chaka?