Mtsutso wa ana a sekondale: mutu wa Iraq ulowe kapena tiuchotse?

Mlembi: Moni nonse akuluakulu. Komiti yokonza mpikisano wa mtsutso wa ana athu a sekondale yabweretsa mitu itatu. Iwiri palibe wadandaula nayo. Wachitatu, womwe anaupereka a Mbewe, ukuti: "Nkhondo yomwe America ndi Britain anakamenya ku Iraq mu 2003 inasiya anthu a ku Iraq pabwino." Tiyankhulepo lisanafike Lachisanu kuti makalata apite kusukulu.

Mai Nachisale: Zikomo a Mlembi. Ine mutu umenewu ayi. Yankho lake n'lodziwikiratu, ndiye sukulu yomwe idzagwere mbali yovomereza tidzakhala taipha isanalowe n'komwe m'holo. Anawo adzanena chiyani?

A Mbewe: Mayi, zonena zilipo zambiri, n'chifukwa chake ndinausankha. Ndaphunzitsa mbiri zaka zambiri ndipo mutu wabwino ndi womwe umakuvutitsa pogona. Mwana wa mbali yovomereza ayambire ku Halabja. Pa 16 Marichi 1988 ndege za Saddam Hussein, pulezidenti wa Iraq panthawiyo, zinaponya mpweya wa poizoni pa tauni ya anthu a mtundu wa Kurd, anthu pafupifupi 5,000 n'kufa, ambiri amayi ndi ana. Chaka chomwecho kunali nkhondo ya Anfal, midzi ya a Kurd kuphwasulidwa, anthu zikwi makumimakumi osaonekanso. Mu 1991 Asilamu a Shia akummwera atagalukira, anawapha mwankhanza, kenako anaumitsa dala madambo aakulu a pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates kuti ogalukira asowe pobisala. Anthu okhala m'nyumba za bango, oweta njati ndi kupha nsomba, anabalalika. Saddam atagwa mu 2003 eniake anagumula okha zipupa zotchinga madzi, madambo ena n'kudzadzanso, ndipo mu 2016 UNESCO inawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko. Munthu wa kumadamboko mukamufunsa funso lathuli, mukuganiza akuyankhani kuti chiyani?

Tadala: Aphunzitsi, pepani ndilowereko ngakhale ndine mwana. Zonse mwanenazi n'zoona. Koma Halabja inachitika zaka 15 nkhondo ya 2003 isanayambe, ndipo nthawi imeneyo America inali kumbali ya Saddam chifukwa ankamenyana ndi Iran. Donald Rumsfeld, yemwe anali nduna ya zachitetezo ya America pa nthawi ya nkhondo ya 2003, anapita ku Baghdad mu Disembala 1983 kukagwirana naye chanza. Komanso a Kurd anayamba kudzilamulira kumpoto kuchokera mu 1991, ndege za Saddam zitaletsedwa kuuluka kumeneko, mpaka anachita chisankho chawo mu 1992. Ndiye tisaike zonse za a Kurd m'thumba la 2003. Chifukwa cha nkhondo chomwe Colin Powell, nduna ya zakunja ya America, anapereka ku United Nations pa 5 Febuluwale 2003 chinali zida zoopsa zopha anthu ambirimbiri. Anazifunafuna osazipeza.

A Mbewe: Mwana wanga, mutuwo sukufunsa ngati Pulezidenti Bush wa America ananena zoona. Ukufunsa ngati anthu anatsala pabwino. Wabodza akhoza kukutsegulira chitseko cha ndende.

A Zulu: Pamenepo ndagwirizana ndi aphunzitsi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Anthu a ku Iraq anayesa okha kumuchotsa mu 1991 ndipo anakathera m'manda a chiunjike. Munthu analamula kuyambira 1979, ana ake Uday ndi Qusay ali pamzere kudikira mpando. Akanachoka liti? Ine ndimakumbukira zithunzi za pa 30 Januwale 2005, anthu akuonetsa zala za inki atavota. Nthawi ya Saddam ngakhale dishi ya TV inali mlandu.

Mai Nachisale: Achimwene a Zulu, akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Wameta ndi kalumo kakeko, wakucheka khutu, m'mawa wapita, wotsala ndi bala ndiwe. Baghdad inagwa pa 9 Epulo 2003. Masiku otsatira anthu anathyola zipatala, maofesi a boma, ngakhale nyumba yosungira zinthu zakale komwe kunabedwa zinthu pafupifupi 15,000, asilikali a America ali mumzinda momwemo. Koma unduna wa zamafuta anaulondera. Mu Meyi Paul Bremer, yemwe America inamuika kuti ayendetse dzikolo, anasaina malamulo awiri. Loyamba linachotsa ntchito akuluakulu a chipani cha Saddam cha Baath, mpaka aphunzitsi ndi madokotala omwe ena anangolowa chipani kuti akwezedwe. Lachiwiri linathetsa gulu lonse la asilikali. Tangoganizani, amuna mazana a zikwi odziwa mfuti, mwawauza tsiku limodzi kuti ntchito yatha. Anapita kuti? Kenako kunabwera zithunzi za kundende ya Abu Ghraib mu 2004, mzinda wa Fallujah kuphwanyidwa chaka chomwecho, ndipo mzikiti wa ku Samarra utaphulitsidwa pa 22 Febuluwale 2006, a Sunni ndi a Shia anayamba kuphana khomo ndi khomo. M'mawa uliwonse mitembo m'misewu ya Baghdad. Pofika 2007 anthu cha m'ma 4 miliyoni anali atathawa m'nyumba zawo, ambiri kupita ku Syria ndi Jordan. Zala za inkizo ndinaziona nanenso. Ena mwa eni zalazo sanafike 2007.

A Zulu: Koma mayi, ophulitsa mizikiti ndi misika sanali a America. Anali al-Qaeda ndi magulu a eni dziko okhaokha.

Tadala: Amalume, malamulo a nkhondo a ku Hague a 1907 amati wolanda dziko ndiye ali ndi udindo wobwezeretsa bata m'dera lomwe walanda. Sungathamangitse mlonda, kugwetsa mpanda, kenako n'kunena kuti wakuba sindine. Ndipo Abu Bakr al-Baghdadi, yemwe anadzatsogolera gulu la zigawenga la ISIS, anakhalapo m'ndende ya America ya Camp Bucca mu 2004. Ena mwa akuluakulu a nkhondo a ISIS anali asilikali akale a Saddam, omwe aja anachotsedwa ntchito. America inachoka mu Disembala 2011, mu Juni 2014 mzinda wa Mosul unagwa m'manja mwa ISIS, mu Ogasiti a Yazidi a ku Sinjar anaphedwa, atsikana awo kugulitsidwa ngati akapolo. Mtsikana wa ku Sinjar ndi mayi wa ku Halabja onse ndi a ku Iraq. Mutuwu ukuti "anthu a ku Iraq" ngati ndi munthu mmodzi.

Msungichuma: Ine ndangodzuka n'kupeza mauthenga onsewa ndimayesa mukukamba za mphoto. Zikho sitinagule, tikumbukire.

A Mbewe: A Msungichuma dikirani, zikho sizithawa. Tadala, wandigwira pa Bremer, sindikana. Zimene anachita mu Meyi 2003 zinali zopusa, ndipo ngakhale lipoti la Chilcot la ku Britain mu 2016 linanena kuti kukonzekera za pambuyo pa nkhondo kunali koperewera kwambiri. Koma pali chinthu chomwe nonse mukuchidumpha. Mukuyerekeza Iraq ya 2006 ndi Iraq iti? Ya 2002 sinali paradaiso. Inali itamenya nkhondo ndi Iran zaka 8, italanda Kuwait mu 1990 n'kukwapulidwa, kenako zaka 13 za ziletso zamalonda za United Nations. Zipatala zopanda mankhwala, malipiro a mphunzitsi osakwana kanthu, anthu kugulitsa mabuku ndi mipando ya m'nyumba kuti adye. Ziletsozo zinachotsedwa mu Meyi 2003. Malipiro anakwera, mafoni a m'manja anafika, nyuzipepala zinachuluka.

Mai Nachisale: Ndiye amene anaika ziletso zija ndani? Si omwewo ankazikakamira kwambiri? Munthu wakumanga mwendo zaka 13, tsiku lomwe wabwera ndi mfuti wamasula chingwe, ndiye uzimuthokoza kuti tsopano ukuyenda?

A Mbewe: Anaziitana ndi Saddam polanda Kuwait. Koma funso lanulo ndi labwino, ndipo ndilo ndikufuna mwana wa Fomu 3 alifunse pagulu.

A Zulu: Nanga Uganda? Asilikali a Tanzania analowa mu Kampala mu Epulo 1979, Idi Amin n'kuthawa. Pali amene anganene kuti Nyerere analakwa?

Tadala: Amin ndiye anayamba polowa ku Kagera, m'dziko la Tanzania, mu 1978, pamene Iraq mu 2003 inali isanaukire America. Ndipo nakonso sikunatere msanga. Yusuf Lule, yemwe analowa m'malo mwa Amin, anangokhala masiku 68, Obote anabwerera mu 1980, kenako nkhondo ya ku Luwero inapha anthu ambiri mpaka 1986. Kuchotsa wankhanza kumatenga masabata. Ku Iraq kunatenga masabata atatu okha. Zotsatira zake ndi zomwe zimadya zaka.

Mai Nachisale: Ndiwonjezere za ziwerengero, chifukwa ana adzakangana nazo. Bungwe la Iraq Body Count, lomwe limangowerenga imfa zolembedwa, lili pa anthu wamba cha m'ma 200,000. Kafukufuku wa m'magazini ya Lancet mu 2006 anati pafupifupi 655,000, ndipo anthu anatsutsana naye kwambiri. Mwana wina adzatenga chaching'ono, wina chachikulu, oweruza n'kumapereka mapointi. Zimenezo ndi zomwe zikundinyansa. Akufawo sangaimike dzanja kuti ife sitinatsale pabwino. Ofunsidwa ndi otsala okha.

A Mbewe: A Halabja nawonso sangaimike dzanja, mayi.

Wapampando: Ndawerenga zonse. Ine chomwe chandikhudza palibe wachitchula. Mu 2018 ku Basra, mzinda womwe umatulutsa mafuta ambiri a dzikolo, anthu oposa 100,000 anapita kuchipatala chifukwa cha madzi oipa. Mu Okutobala 2019 achinyamata, ambiri oti Saddam sakumukumbukira n'komwe, anadzaza bwalo la Tahrir ku Baghdad kudandaula za katangale, ulova ndi magetsi. Mazanamazana anawomberedwa ndi boma lomwe linabwera ndi chisankho. A Mbewe anena kuti nthawi ya Saddam sakanafika n'komwe pabwalopo. Mai Nachisale anena kuti afika n'kuphedwa. Onse awiri sakunama. Ndiye ganizo langa ndi ili: m'malo mwa mbali ziwiri, sukulu iliyonse itole kapepala. Ina iyankhule ngati mayi wa ku Halabja, ina ngati msilikali wochotsedwa ntchito mu 2003, ina ngati mtsikana wa ku Sinjar, ina ngati mnyamata wa ku Basra. Aliyense ayankhe funso lomwelo.

A Mbewe: Apampando, ndi ulemu wonse, chimenecho ndi chisudzo, si mtsutso. Wopambana tidzamudziwa bwanji? Woliritsa anthu kwambiri?

Tadala: Wopambana akhale amene wayankha bwino mafunso a anzake atatu aja. Mayi wa ku Halabja ayankhe wa ku Sinjar maso ndi maso. Ine ndikhoza kulemba tsamba limodzi la zaka ndi malo loti sukulu zonse zilandire lofanana, aphunzitsi a Mbewe aliunike.

A Mbewe: Kuunika ndiunika. Koma voti yanga ikadali pa mutu momwe ndinaulembera.

Mai Nachisale: Ine ndasuntha pang'ono. Za apampandozi ndivomera, bola pasakhale mwana wovala ngati msilikali kapena wonyamula mfuti yachidole.

Mlembi: Ndiye zosankha zilipo zitatu: 1, mutu ukhale momwe ulili, 2, njira ya apampando, 3, tiuchotse. Lembani nambala yokha pofika Lachinayi usiku. A Zulu mwatumiza kale 1 ndi 2 zonse, sankhanipo imodzi. A Msungichuma, za zikho zija tsegulani uthenga wina.